Chiliza Chithe Kaye

"Ndiye ukuti tiwanyamule lero, tikawagoneke pa Boma, anthu adzavundukule chiliza cha abambo mkazi wawo palibe?" Silvester adafunsa ali chikhalire pa matumba a simenti, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala. "Dailes, mutu wako ukuyenda bwino koma?"

"Mutu wanga uli bwino, achimwene. Umene suli bwino ndi mwendo wa amama."

"Abinya chabe. Nkhalamba iliyonse imabinya."

"Wobinya amakwawa n'kukafika kuseri. Amama akulephera ngakhale kutembenuka pamphasa."

Ankakangana pakhonde la nyumba ya mayi awo, Anasibeko, chitseko chili chitsekulire, moti eni mwendowo ankamva zonse ali gone m'katimo. Kugwa kwawo sikudali kugwa koti munthu n'kukasimba kuchitsime. Ankayanika chimera pathanthwe la kuseri kwa nyumba, phazi lidaterereka pa timbewu tomwazika, iwo n'kugwera chammbali, basi. Mwana wophunzira kuyenda amagwa koposa apo n'kudzuka akuseka. Koma Anasibeko sadadzuke. Dailes, mwana wawo wamkazi amene adamanga moyandikana nawo, adachita kuwakokera m'nyumba pachiguduli, ndipo kuyambira tsiku limenelo phazi lakumanja lidangogonera kunja, zala zikuloza kukhoma. Kudada, kudacha, kudadanso, phazi lili chomwecho.

Chimeracho chidali cha thobwa la pachiliza. Kwathu kuno ku Ntcheu munthu ukhoza kugona m'nyumba yodontha, ana ako n'kumapita kusukulu opanda nsapato, anthu osanena kanthu. Koma bambo ako agone zaka zingapo m'manda opanda chiliza, udzamva dzina lako likuzungulira limodzi ndi chipanda pamowa. Dzina la Silvester lidali litazungulira mokwana. Pamene a Ngozo, bambo awo, ankamwalira, iye adali ku Joni, mapepala ake osalongosoka, ndipo kumaliro sadafike. Tsopano adabwera ndi tchuthi cha mwezi umodzi, galimoto yonyamula katundu yobwereka pa Boma, mwala wakuda wonyezimira wojambulapo nkhope ya malemu, ndi mtima wofuna kutseka pakamwa mudzi wonse. Tsiku lidali litalengezedwa kale kutchalitchi. Abale a ku Kasinje ndi a ku Blantyre adali atauzidwa, ng'ombe yosankhidwa ikudya msipu wake womaliza, ovina ngoma akupukuta zishango zawo.

Dailes adanena kuti galimoto ilipo, msewu ndi wouma, ndipo kuchoka kumtunda kwa Nsipe kukafika kuchipatala si ulendo wonyamulira kamba. Silvester adaseka kuseka kopanda chimwemwe. Adati iye chipatala amachidziwa bwino: madokotala akangoona nkhalamba yosayenda amaigoneka chagada, n'kuimangirira miyala kumwendo, miyezi n'kumatha yosatsika pabedi.

"Ndipo wodwala sagona yekha kumeneko," adapitiriza. "Pamafunika womudikirira, womuphikira, womusambitsa. Akakhale ndani? Iweyo? Chabwino, pita. Thobwa afulule ndani? Alendo awalandire ndani? Mbatata yako ya kachewere yakhwima kudimba ija akumbe ndani, anyani?"

Apa m'pamene mawu a Dailes adayamba kufooka, ndipo tisamunamizire kuti adagonja chifukwa choopa mlongo wake. Adadziona akugona pasimenti pansi pa bedi la m'chipatala, akuphika pamafuwa obwereka, kuno kumudzi akazi ena akutakasa miphika yake n'kumalandira ulemu wake. Adaona mbatata ikuolera m'nthaka. Adazengereza kanthawi kochepa chabe, koma kanthawi kameneko kadakwanira.

"Talekani phokoso panjapo," mawu adachokera m'nyumba, ouma koma olimba. "Ine ndangobinya. Kuchipatala sindinka chiliza chisadathe. ONgozo odathera mphamvu zawo kumigodi chifukwa cha inu nomwe. Tsiku lawo lifike, ine ndili pa Boma mwendo uli m'mwamba? Iyayi."

"Wamvatu," adatero Silvester. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Eni ake akuti ali bwino, iwe ukulira chiyani?"

Dailes ankawadziwa mayi ake. Adali munthu woti dzino likawawa amalimanga ndi ulusi n'kulizula okha, kenaka n'kutenga khasu. Ankadziwanso kuti chimene mwana wawo woyamba wafuna, iwonso ankachifuna, chikome chiwawe. Mawu aja sadali ochokera kumwendo, adali ochokera kwa mayi woopa kukhumudwitsa mwana wobwera kutali. Dailes adazidziwa zimenezi, koma adazilandira momwe munthu wotopa amalandirira mpando.

Mwamuna wake, Evance, adali akusefa mchenga pabwalo. Adaimika fosholo, n'kuyankhula mwaulemu kuti iye adaonapo phazi logona motero kwa agogo ake, ndipo vuto lidali fupa lothyoka. Adati ngati vuto ndi miphika, mayi ake ndi azilongo ake akhoza kubwera kudzafulula thobwa, mbatata akumba yekha, Dailes apite ndi apongozi kuchipatala.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, alamu," adamaliza.

"Mkamwini asamakule mwendo," Silvester adayankha osamuyang'ana n'komwe. "Za mbumba ino ndiweruza ndine. Inu sefani mchengawo, amisiri akudikira."

Evance adatembenukira kwa mkazi wake, kuti mwina aponyapo liwu limodzi. Dailes adali akuyang'ana zala za kumapazi kwake. Mwamunayo adatola fosholo yake, ndipo nkhani idathera pomwepo.

Motero adayamba kuchiza kubinya. M'mawa uliwonse Dailes ankatereka madzi, n'kuwathowa mayi ake m'chiuno ndi kansalu, kenaka n'kuwapaka mafuta obiriwira amene Silvester adabwera nawo ku Joni, onunkhira mwaukali moti nkhuku zinkabwerera pakhomo. Mapiritsi opha ululu adali ambiri, Silvester sankaumira pa zimenezo. Anasibeko ankameza, n'kuthokoza, n'kufunsa ngati chimera chasinjidwa.

Patapita masiku, mmisiri wina wa chiliza, munthu wodziwa simenti koma wolankhula ngati adaphunzira udokotala, adauza Silvester kuti mwendo ukagonetsa umauma, mankhwala ake n'kuupondetsa. Silvester adawatola mawuwo ali otentha. Adaitana mlongo wake, nawagwira mayi awo m'khwapa, wina uku wina uku, n'kuwaimika. Anasibeko adaluma nsonga ya mpango wawo. Thukuta lidatuluka pamphumi ngakhale kunja kudali mphepo ya Ogasiti.

"Pondani, amama. Pondani pang'ono chabe."

Adaponda. Dzanja la Dailes lidali pachiuno chawo, ndipo pansi pa chikhatho chake adamva chinthu chikukhulana m'kati, ngati miyala ya mphero ikugundana popanda choperapo. Adayang'ana mlongo wake, koma iye adali akumwetulira, akuti taonani, dzulo samatha n'komwe kuimirira. Anasibeko atawakhazika pansi adalavula mpango uja, n'kunena kuti zikuyenda bwino. Adawapondetsa choncho m'mawa wina ndi winanso, mpaka tsiku limene adasanza ali chiimire. Za chimene adachimva m'dzanja lake, Dailes sadauze munthu aliyense, ngakhale Evance.

Galimoto nayo sinkapuma. Lero ikatenge simenti yoonjezera, mawa shuga, mkuja penti, ndipo maulendo onsewo adali a pa Boma. Tsiku lina Dailes adakwera nawo kuti akayese diresi kwa telala, poti banja lonse lidagula nsalu imodzi. Podutsa panjira yolowera kuchipatala adaona amayi atasenza nkhuni ndi mabeseni akulowa pachipata, iye n'kupeza chochita m'chikwama chake mpaka adapitirira. Diresi idamukhala bwino. Tinene zoona, adadziyang'ana pagalasi la telala kutsogolo ndi kumbuyo, mtima wake n'kukondwa. Adabwerera kumudzi atakhala pamwamba pa matumba a mpunga, pamalo pokwana bwinobwino matiresi a munthu mmodzi.

Sabata yachiwiri isadathe, Anasibeko adawasamutsira m'kanyumba kophikira, kuti nyumba yaikulu ipakidwe laimu ndi kukonzedwera alendo. Iwo sadadandaule. Adangoyamba kukana chakudya. Phala ankalawa kawiri n'kukankha mbale, madzi ankangonyowetsa milomo. Dailes adayesa kuwanyengerera ndi nkhuku, kenaka ndi maungu, mpaka adazindikira yekha chifukwa chake: munthu akadya amafuna kuseri, ndipo kunyamulidwa kulikonse kudali imfa yaing'ono. Mayi amene ankakalipira mudzi wonse ali pakhonde adayamba kulankhula motsitsa. Chifuwa chidayamba, chouma poyamba, kenaka cholemera.

Powasambitsa tsiku lina, Dailes adawatembenuza pang'ono n'kuona chilonda kumunsi kwa msana, pamene fupa limagunda mphasa. Chidali chakuda m'mbali, ndipo fungo lake lidapambana la mafuta a ku Joni. Adathamangira kwa mlongo wake, amene adamupeza pakhonde akupinda malaya osindikizapo nkhope ya bambo awo. Ulendo uno adalankhula ndithu. Adanena za chilonda, za chifuwa, za mwendo umene tsopano unkaoneka waufupi kuposa unzake. Adati mwala sungathawe, tsiku likhoza kusunthidwa.

Silvester sadakalipe. Adaika malaya pansi, n'kukhala kanthawi akuyang'ana nkhope yosindikizidwayo.

"Ukudziwa kumene ndidali tsiku limene munkaika abambo?" adafunsa. "Ndidali m'chimbudzi cha kuntchito, nditadzitsekera, foni ili kukhutu, ndikumvera nyimbo za maliro a bambo anga monong'ona kuopa bwana. Ndidamva dothi likugwera pabokosi, kenaka mayunitsi adatha. Kuno anthu amati ndidasankha Joni. Tchuthi changa chikatha ndibwerera, ndipo sindikudziwa chaka chimene ndidzaponde kuno. Ndidalephera kuwaika, Dailes. Ukufuna ndilepherenso ichi?"

"Koma amama ndi amoyo, achimwene."

"N'chifukwa chake ndikufuna adzaone ndi maso awo. Kwatsala masiku owerengeka. Mapanga awiri avumbwitsa, mlongo wanga. Timalize ichi, m'mawa mwake ndidzawanyamula ndekha, ngakhale kukhale ku Lilongwe."

M'maso mwake mudali misozi, ndipo Dailes adamumvera chisoni. Chisoni chimenecho n'chimene chidamaliza kumumanga manja. Adabwerera kukanyumba kuja, adasinja mapiritsi, n'kuwaza ufa wake pachilonda monga adamvera kwa amayi ena.

Masana a tsiku lina, akuwapesa tsitsi, mayi ake adapempha fodya wawo wam'mphuno. Adamugwira pachala nthawi yaitali osamukoka.

"Dailes, miyala imene amamanga kuchipatala ija, kodi imakhala yolemera kwambiri?"

Dailes adati sakudziwa.

"Nanga galimoto ya mlongo wakoyo, mawa inkanso pa Boma?"

"Ipita, amama. Ikatenga mipando."

Anasibeko adayang'ana kukhomo kumene kunkalowera kuwala. Munthu amene moyo wake wonse sadapemphepo thandizo sangayambe kupempha ndi mawu olunjika ali nkhalamba. Apo adali atapempha, ndipo Dailes adamva bwino lomwe. Kukadangofunika kuti adzuke, aitane Evance, ayale matiresi m'galimoto, wofuna kukalipa akalipe. Koma panja amayi adali atayamba kale kutereka migolo ya thobwa, wina akumuitana dzina kuti adzaone ngati ufa wakwana.

"Kwangotsala pang'ono, amama," adatero. "Chiliza chikangotha, m'mawa mwake tinyamuka."

"Eya," adayankha Anasibeko, akupukutira fodya uja pachitenje. "Chithe kaye."

Mwa zonse zimene Dailes adachita ndi zimene sadachite masabata amenewo, mawu ake a masana amenewo ndi amene amamudzutsa mpaka lero.

Tsiku lidafika, ndipo lidakoma, pasakhale wonama. Anthu adadza ngati kumsika wa pa Nsipe. Ng'ombe idagwa mbandakucha, mpunga udaphikidwa m'mapoto obwereka kutchalitchi, amuna a ngoma adaponda pansi ndi zikopa zawo mpaka fumbi lidakwera pamwamba pa mitengo, amayi akuwomba m'manja ndi kuimba nthungululu. Amene ankatchula dzina la Silvester pamowa adali oyamba kumugwira chanza ndi manja awiri, akuti a Ngozo adabala mwamuna.

Dailes adawasambitsa mayi ake m'mamawa, adawapaka mafuta ambiri ndi paudala, adawaveka bulauzi ya nsalu ya banja ndi mpango wake. Adawakhazika pampando wa manja, pansi ataikapo mapilo, ndipo kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi adawafunditsa chitenje chatsopano n'kuchipisira bwino m'mbali. Amuna adanyamula mpandowo kupita kumanda. Njira ya kumanda kwathu ndi ya miyala, ndipo mpando ukagwedezeka Anasibeko ankatseka maso, milomo ikuyenda. Anthu adati taonani mayi wa chikhulupiriro, akupempherera mwamuna wake njira yonse.

Akulu a mpingo adapemphera, kwaya idaimba, Silvester adalankhula mawu ake bwino lomwe. Kenaka adakoka nsalu yoyera imene idaphimba mwala, nkhope ya a Ngozo n'kuonekera ikunyezimira padzuwa, anthu onse n'kuwomba m'manja. Woyendetsa mwambo adaitana mayi wa banja kuti akhale woyamba kuika nkhata ya maluwa. Mpando adausendeza pafupi. Anasibeko adalandira nkhata, adauyang'ana mwala uja, n'kunena motsitsa kuti oNgozo awajambula bwino, kungoti sadali onenepa choncho. Adaweramira kutsogolo kuti aike maluwa. Thupi lidapitirira, maso adatembenuka, ndipo akadapanda Evance kuwawakha akadamenyetsa mutu pachiliza.

Chitenje chija chidagwa. Aliyense amene adali pafupi adaona mwendo wowonda, waufupi, phazi litagonera kunja, ndi kunyowa kumene kudadutsa mapilo. Fungo lidawafika ngakhale a kwaya.

Adzakhali a Silvester ndi Dailes a ku Kasinje, mlongo wa malemu, adali atafika m'mawa womwewo ndipo adali atauzidwa kuti alamu awo abinya pang'ono. Adagwada, adaugwira mwendowo mofatsa, adayang'ana kumsana, n'kudzuka pang'onopang'ono. Sadakweze mawu, koma kumanda kudali zii moti aliyense adamva.

"Silvester, Dailes, munthuyu mwamusunga chonchi kuyambira liti?"

Adzakhali aja adaloza chiliza.

"Mlongo wanga ali pansi apayu samva dzuwa, samva mphepo. Akadadikira chaka china osadandaula. Mwala mwaufunditsa nsalu kuti usachite fumbi, mayi wanu mwamufunditsa nsalu kuti ife tisaone. Ndiye mwatiitana kuti tidye mpunga? Chikomekome cha mkuyu, ana inu."

Silvester adayesa kunena kuti amama adakana okha. Adzakhali adamufunsa ngati iye ali mwana, atapsa ndi phala n'kukana mankhwala, mayi akewo adamusiya. Silvester adatembenuka n'kuthamangira kumudzi, ndipo anthu atafika ndi mpando adamupeza akutsitsa yekha makireti a zakumwa m'galimoto, ena akugwa n'kusweka. Evance adabwera ndi matiresi a m'nyumba mwake osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Ovina ngoma adaima m'mbali mwa njira zibonga zili pansi.

Dailes adakhala kumbuyo, mutu wa mayi ake uli pamiyendo pake, diresi yatsopano ikumwa thukuta lawo. Adatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera. Ulendo umene adauzengereza masabata onse aja udatha iye asadamalize kolona kachiwiri, ndipo kufupika kwake kudamupweteka koposa mawu a adzakhali.

Kuchipatala adawalandira msanga. Anamwino powatembenuza adayang'anana. Adawatsuka zilonda, adawaika diripi, adapita nawo kukajambula. Dzuwa litapendeka kudabwera dokotala wa mafupa, bambo wa imvi zapatalipatali, wolankhula mosathamanga. Adaima pafupi ndi bedi, nakweza chithunzi cha mafupa kuwindo kuti ana awiriwo aone. Anasibeko adali gone, maso ali otseka, akupuma movutikira.

Adawaonetsa pamene fupa la ntchafu limathera ndi mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno, ndi kakhosi kopyapyala kamene kamagwira mutuwo. Adati amayi akamakalamba mafupa awo amafumbwa m'kati ngati chimanga cha m'nkhokwe, kunja kuli bwinobwino, moti kugwa kwakung'ono kumakwana kuthyola kakhosi kameneko. Apa kadali katathyoka, mbali ziwirizo zidapitirirana, ndipo nsonga zake zidali zitaperepeseka.

"Zimaoneka chonchi fupa lothyoka likamapondedwa," adatero, osayang'ana munthu.

Dailes adamva dzanja lake lakumanja likutentha.

Dokotala adapitiriza kunena kuti munthu wotere akabwera msanga, thupi likadali ndi mphamvu, amamutumiza kuchipatala chachikulu kumene amaika chitsulo, ndipo ambiri amabwerako akuyenda ndi ndodo. Koma apa padali zilonda zakuya, chibayo, ndi thupi lofooka ndi njala. Opaleshoni sikadatheka zimenezi zisadathe, ndipo kutha kwake sikudali kwa lero kapena mawa. Silvester adafunsa ngati ku Lilongwe kapena ku Joni komwe sangathe kuchitapo kanthu, iye ali wokonzeka chilichonse.

"Tiyamba talimbana ndi moyo wawo," adayankha dokotala. "Za kuyenda sindikufuna kukunamizani. Ndikukayika kwambiri ngati adzapondenso pansi."

Adatsitsa chithunzi chija. Adayang'ana malaya a Silvester, adayang'ana diresi ya Dailes, nsalu imodzimodzi ndi bulauzi ya wodwalayo, ndipo nkhope yake idalimba.

"Tsopano ndiuzeni zoona, poti ndiyenera kudziwa. Mayi anuwa adagwa liti?"

Silvester adaweramitsa mutu. Dailes adatsimikiza mumtima kuti anena zonse: za chimera, za kupondetsa, za galimoto, za masana aja a fodya. Ankafuna dokotalayo amukalipire pamaso pa wodi yonse, amutchule dzina limene limamuyenera, mwina katundu wa pamtima akadapepukako. Adatsekula pakamwa.

"Dzulo."

Mawuwo adachokera pabedi. Anasibeko adali atatsekula maso, akuyang'ana dokotala molunjika, ndi ukali wonse umene udawatsalira.

"Ndidagwa dzulo madzulo, mwana wanga, ndikutuluka m'nyumba. Ana angawa angomva n'kundinyamula. Sadachedwe ayi. Musawakalipire, ndi ana abwino."

Dokotala adayang'ana nkhalambayo nthawi yaitali. Zilonda adali ataziona ndi maso ake, chithunzi chidali m'manja mwake. Sadatsutse. Odikirira odwala a mabedi oyandikana adali ataleka zimene ankachita.

Anasibeko adatembenuza mutu pang'onopang'ono, adafufuza dzanja la mwana wawo wamkazi pamwamba pa bulangeti, n'kuligwira ndi zala zawo zotentha.

"Si choncho, Dailes?"

Dailes akadakonda kumenyedwa. Akadakonda kutukwanidwa, kuthamangitsidwa pamudzi, china chilichonse kupatula ichi. Koma zala zija zidafinya, zikupempha kachiwiri, ndipo ulendo uno sakadatha kuwakaniza.

"Ndi choncho, amama," adatero.